Ngalande kaye, matumba a ufa pambuyo

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino ndakatulo zipume. Ndabwera ndi nkhani ya ngalande, eee, ngalande zomwezi zodutsamo madzi a mvula. Wofuna kuseka aseke, koma ine wogulitsa tomato ndi anyezi pa Luchenza ndikuti khonsolo yomwe sidziwa kuti ili ndi ngalande zingati zotsekeka ileke kutiuza za kusintha kwa nyengo.

Mvula si mlendo wofika usiku osaodira. Imayamba cha mu Novembala, n'kudzakula Januwale mpaka Malichi, mwana aliyense amadziwa. Anamondwe nawonso anasiya kale kutidzidzimutsa. Madzi anasefukira mu Januwale 2015. Idai anabwera mu Malichi 2019. Ana, mu Januwale 2022, anaononga Kapichira tonse n'kukhala mumdima. Freddy, mu Malichi 2023, anakwirira anthu m'matope ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe, akufa ndi osowa n'kupitirira 1,000. Chinthu chobwera kanayi m'zaka zisanu ndi zitatu tizichitchabe ngozi yogwa mwadzidzidzi? Nanga bwanji timachita bwino kwambiri pogawa mabulangete ndi ufa madzi atapita, pomwe kufukula kalavati mmodzi mu Seputembala kumatikanika?

Yankho ndikulidziwa. Thumba la ufa limajambulika bwino. Bwana agwira uku, gogo agwira uko, chithunzi chiri pa Facebook. Ngalande yoyera ilibe woombera m'manja, chifukwa nyumba yomwe sinagwe siituluka pa wailesi.

Kwa amene simunafikeko: Luchenza ili pa msewu wa M2, wochokera ku Limbe kudzera pa Thyolo kupita ku Mulanje mpaka ku Muloza. Phula limodzi lomwelo pamadutsa mathiraki, maminibasi, njinga zamoto za kabaza, zakapalasa zonyamula makala, ana a sukulu, ndi ife amayi madengu ali pamutu. Mvula ikagwa m'mbali mwa msewu mumadzadza madzi ndi matope, ndiye woyenda pansi amakwera paphula, pomwe pali kale thiraki. Apa ndi pamene nkhani ya nyengo ndi nkhani ya ngozi zapamsewu zimakhalira nkhani imodzi. M'maofesi amazipatula, iyi fayilo yake, iyo msonkhano wake, koma mwendo wothyoka ndi umodzi.

Tinene za kabaza, popeza aliyense amakonda kuwatukwana anyamatawa. Zoona, ambiri alibe ziphaso, zipewa savala, amakweza anthu atatu ndi thumba la chimanga pamwamba. Mukafuna umboni kazondeni odwala mafupa ku Queens. Koma tadzifunsani chomwe timawakwererabe. Msewu wafumbi wopita kumudzi ukadukaduka m'dzinja, minibasi siipitako. Mayi woyembekezera afika bwanji kuchipatala? Tomato wanga achoka bwanji kudimba asanaphwanyike? Kabaza anabadwira m'mpata womwe misewu yoipa inasiya. Kuwathamangitsa ndi kuwalanda njinga kamodzi pa mwezi si dongosolo ayi, n'kuphwetsa mkwiyo chabe. Apatseni malo oimapo odziwika, kutali ndi pokhota. Alembedwe m'kaundula wa khonsolo, aliyense ndi nambala pamsana. Aphunzitsi a malamulo apamsewu abwere konkuno, mnyamata asachite kutaya ndalama za masiku angapo kukafuna chiphaso kutauni. Pafupi ndi sukulu ndi pamsika pakhale zitunda ndi powolokera poonekera. Zimenezi n'zofunika alendo akunja ndi msonkhano wa kunyanja?

Ndiye pali njanji. Imadutsa pa Luchenza pompano, kutsikira ku Sandama ndi ku Makhanga, ndipo makolo athu ankaikwera mpaka ku Nsanje. Madzi anaidula ku Chiromo mu 1997. Onani zaka zomwe zapitapo, muone mmene timachedwera kulumikiza chomwe madzi adula. Katundu yemwe akanayenda pa sitima ali pamsewu, kukumba maenje omwe kabaza amazemba mpaka kugunda munthu. Njanji si ya khonsolo, ndikudziwa, koma khansala ali ndi pakamwa.

Ena muti, mayi inu, makhonsolo alibe ndalama, boma limachedwa kutumiza, ndipo M2 ndi ya Roads Authority. Sindikukana. Koma lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka misika, zinyalala ndi timisewu ta m'tauni m'manja mwa makhonsolo. Tikiti yapamsika timadula tsiku ndi tsiku, kugwe mvula kuwale dzuwa, tagulitsa kaya sitinagulitse. Pofika 2024 thumba la CDF linali pa K200 miliyoni dera lililonse la phungu. Ndipo mu 2023, Freddy atangopita, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi, kulowa m'malo mwa lija la 1991 lomwe linabwera napolo atasesa Phalombe. Mutu wake ndi kukonzekera tsoka lisanagwe. Lamulo liripo, tindalama tochepato tiripo. Fosholo ndi wilibala ndiye zikusowa?

Enanso muti amalonda ndi amene mumatseka ngalande ndi majumbo komanso makoko a nzimbe. Chabwino. Ikani motayamo zinyalala, muzizichotsa pa tsiku lodziwika, kenako wotaya m'ngalande mumulipiritse, tidzakuthandizani kumuloza. Kulalatira munthu osamupatsa potaya n'kungotaya malovu.

Chomwe ndikupempha n'chaching'ono mochititsa manyazi: pepala limodzi, la m'Chichewa, lomatidwa pachipata cha msika Seputembala asanathe. Lilembe ngalande ndi makalavati omwe afukulidwe chaka chino, wofukula ndani, ndalama zingati, amaliza liti. Lilembe malo omwe munthu sayenera kumangapo nyumba, osadikira kuti amange, afolere, mudzabwere ndi chigumula cha makalata. Lilembe sukulu kapena tchalitchi chothawirako madzi akakwera usiku, ndi yemwe adzaimbe wezulo. Ndipo msonkhano wokonza pepalalo usachitike m'Chingerezi nthawi ya 10 koloko m'mawa, ife tili pa benchi. Bwerani kumsika madzulo. Woyendetsa kabaza amadziwa mlatho uliwonse womwe wayamba kulowa pansi. Mayi wothyola tiyi, yemwe amawoloka mtsinje m'bandakucha kupita ku esiteti, amadziwa pomwe madzi amayambira kudya gombe. Nzeru zimenezi n'zaulere, sizifuna alawansi.

Inu a ku Karonga, ku Salima, ku Chikwawa, musaone ngati n'za kwa Alhomwe zokha izi. Nambala ya khansala wanu muli nayo, paja ankakuimbirani yekha nthawi ya kampeni. Muimbireni sabata ino, mumufunse kuti kalavati wapafupi ndi kwanu afukulidwa tsiku lanji.