Njinga yamoto imaphedwa ndi mwini wake

Ku Italy, m'mphepete mwa nyanja ya Como, kampani ya Moto Guzzi yakhala ikupanga njinga zamoto kuyambira 1921. Zina za mtundu wa Le Mans za 1976 zikuthamangabe chifukwa eni ake amasintha oyilo nthawi yake, kutsuka kabuleta ndi kuchuna mavalavu.

Koma ku Mangochi njinga zambiri za kabaza zimatha zikadali zatsopano. Mchenga wakunyanja umadya tcheni, fumbi limatseka sefa ya mpweya, koma mwini amangothamangira makasitomala. Mabuleki akakana pamsewu wa Monkey Bay, wovulala ndi wokwera wosalakwa.

Akabaza aziyendera njinga zawo m'mawa uliwonse asananyamule munthu. Oyilo ngotchipa kuposa injini, ndipo mabuleki ngotchipa kuposa bokosi lamaliro.