Phunzirani kukana m'Chisipanishi

Inu amene mukuphunzira Chisipanishi, musangothamangira "sí" ndi "gracias" basi. Ine ndikuti yambani ndi rechazar.

Ife timangoti kukana, kaya ndi mlandu kaya ndi nsima. Iwo amasiyanitsa. Kukana mlandu ndi negar, koma kukana chomwe akukupatsani, ntchito, mphatso, ngakhale mwamuna wofunsira, ndi rechazar. Mukamakana panopa mumati rechazo. Mukamanena zadzulo, z uja amasanduka c: rechacé. Ku Madrid amamutchula lilime lili pakati pa mano, ku Mexico amangoti s. Zimenezo zisakuvuteni, kulikonse akumvani.

Chondidetsa nkhawa ine ndi mwana wathu wodziwa "sí" yekha. Tsiku lomwe amuikira kontrakiti yoipa patebulo, angomwetulira n'kusaina. Mwandimva kodi?