Chotsani jakisoniyo pachikutopo

Ophunzira anga ena akale akukonza kamagazini ka nthano zoopsa ndi mphekesera, ndipo anditumizira chikuto chake. Zilembo zodontha magazi ndilibe nazo vuto, pa fotokope zidzangotuluka zakuda basi. Koma namwino wa mano akuthwa atanyamula jakisoniyo, ameneyo ndakana.

Mwaiwala 2017? Ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa, azaumoyo nkumaopa kulowa m'midzi. Pepala limayenda, ana inu. Lidzafika kwa munthu wosawerenga, adzangoona chithunzicho nkunena kuti umboni ndi uwu.

Mukuti, "Ndi zocheza chabe, aphunzitsi." Zocheza ziti? Ngati mukufunadi zoopsa, jambulani msewu wotsekedwa ndi miyala usiku, matochi, zibonga, ndi mlendo mmodzi akupapasa m'thumba kufuna chiphaso chake.