MENDULO YA GOLIDE NDI CIKALATA CA MAPAUNDI 50

Caka ndi caka akatswiri a zitsulo a ku Mangalande amasankha munthu woti alandire mendulo ya golide yochedwa Bessemer Gold Medal. Mwambo umenewu unayamba m'caka ca 1874, pamene Henry Bessemer anapereka ndalama ku bungwe la Iron and Steel Institute kuti lizilemekeza amene wathandiza koposa pa nchito ya steel, ndico citsulo colimba cimene amapangira njanji, milatho ndi makasu. Lero mendulo imeneyi imaperekedwa ndi bungwe la Institute of Materials, Minerals and Mining.

Ulemu wotere ngwoyenera ndithu. Munthu wokwera sitima saganizako za amene anasauka masiku ambiri pa ng'anjo kuti njanji isathyoke pansi pace, ndipo nkwabwino kuti maina a anthu otero azichulidwa poyera. Koma mbiri ya ena amene analandira menduloyi pa zaka zoyamba ionetsa kuti golide amabwera mocedwa, ndi kuti cimene cimadyetsa mwini luso ndi ana ace ndi cikalata.

M'caka ca 1856 Bessemer analengeza njira yace yatsopano. Iye amapopera mphepo m'citsulo cosungunuka, ndipo zoipa za m'citsulomo zimapsa zokha msanga, popanda kuonjezera malasha. Dziko linazizwa. Koma eni mafakitale atayesa, anapeza kuti citsuloco cimang'ambika pocisula. Cimodzi mwa zifukwa zace cinali cakuti mphepo ija imatentha carbon yense, amene ndiye amalimbitsa citsulo, ndi kusiyamo mpweya wocuruka. Amene anapeza mankhwala ace anali Robert Mushet wa ku Coleford. Iye analola kuti zonse zipse, ndipo pambuyo pace anathiramo citsulo cina cochedwa spiegeleisen, cokhala ndi manganese ndi carbon, monga mai abwezera mcere m'ndiwo zosukuluka. Manganese amacotsa mpweya uja, carbon nabwerera pa muyeso wofunika. Njanji yoyamba ya steel, imene inaikidwa pa siteshoni ya Derby m'caka ca 1857, inali ya citsulo ca Mushet.

Tsono Mushet anali atatenga patent, ndico cikalata ca Boma conena kuti luso lakuti nla uje, ndipo wofuna kuligwiritsa nchito ayenera kumlipira. Lamulo la masiku amenewo linati zikatha zaka zitatu mwini alipire msonkho wa mapaundi 50, apo ai cikalata cafa. Anthu amene Mushet anawakhulupirira kuti asunge cikalataco sanalipire msonkhowo, ndipo m'caka ca 1859 luso lace linasanduka citsime ca pa mseu, aliyense nkumatungapo. Bessemer, amene anasamala zikalata zace, anapata ndalama zoposa mapaundi miliyoni imodzi. Mushet anagwa m'ngongole ndi m'matenda.

M'caka ca 1866 mwana wace wamkazi Mary, wa zaka 16, anapita yekha ku London kukaonana ndi Bessemer maso ndi maso. Kuyambira pamenepo Bessemer amapatsa Mushet mapaundi 300 caka ciri conse. Nkoyenera kunena kuti Bessemer anali nao mau ace: iye anati nchito ya manganese inali yodziwika kale, ndi kuti pa lamulo analibe mangawa. Mwina pa lamulo analibedi. Komabe ndalama imene imabwera cifukwa mwana wakagwada kwa mwini cuma si malipiro ai, ndi cifundo, ndipo cifundo cimatha tsiku limene wopatsayo wafuna. Mendulo ya golide inamfika Mushet m'caka ca 1876, patapita zaka 20 cipezere njira yace, ndipo inali ndi dzina la Bessemer.

Wina amene analandira menduloyi anali kalaliki. Sidney Gilchrist Thomas anafuna kuphunzira udotolo, koma atate ace atamwalira m'caka ca 1867 analowa nchito yolemba milandu pa bwalo la apolisi mu London. Usana amalemba za oledzera ndi akuba. Madzulo amapita ku sukulu ya Birkbeck kukaphunzira za chemistry. Kumeneko anamva za bvuto limene linakanika akatswiri onse. Miyala yambiri ya citsulo ya ku Ulaya iri ndi phosphorus, amene amacititsa steel kusweka ikazizira, ndipo ng'anjo ya Bessemer siimatha kumcotsa. Thomas anaganiza kuti colakwa ciri pa zomatira za m'kati mwa ng'anjo. Akamata ndi mwala wa laimu, ndi kuthiramonso laimu wina, phosphorus adzagwidwa ndi laimuyo nayandama pamwamba pamodzi ndi zinyalala.

Kalaliki alibe ng'anjo. Koma msuweni wace Percy Gilchrist amagwira nchito yoyesa zitsulo pa fakitale ya ku Blaenavon m'dziko la Wales, ndipo Thomas akaweruka pa mapeto a sabata amakwera sitima kunka kumeneko, nabwerera kuti akapezeke pa bwalo nthawi yace. M'mwezi wa March 1878 anaimirira pa msonkhano wa Iron and Steel Institute nanena kuti phosphorus wagonja. Akuluakulu sanasamale mau a mnyamata wosadziwika. Caka cotsatira njira yace inayesedwa poyera ku Middlesbrough, ndipo eni mafakitale a ku Germany, Belgium ndi France anathamangira kudzagula cilolezo. Ngakhale zinyalala zija zinapezeka kuti nza mtengo, pakuti akazipera zimakhala feteleza.

Apa ndipo pali kusiyana. Thomas anali atatenga cikalata cace asanalankhule pa msonkhano uja, ndipo anacisunga. Kapena zaka zokhala pa bwalo la milandu zinamphunzitsa kuti mau a pakamwa sapambana pepala losindikizidwa. Bungwe lomwe lija limene linamnyalanyaza linampatsa mendulo m'caka ca 1883, iye atalemera kale. Sanadyerere nthawi yaitali, pakuti nthenda ya m'mapapo inamtenga ku Paris m'caka ca 1885, ali ndi zaka 34. Cuma cace anasiyira mlongo wace Lilian kuti athandizire anthu a nchito.

Mushet ndi Thomas amadziyesera okha. Nanga munthu wolembedwa nchito, amene apeza luso m'nyumba ya bwana wace, ndi zipangizo za bwana wace? Funso limeneli ndilo likhudza anthu ambiri olandira malipiro pa mwezi, ndipo linamgwera Harry Brearley wa ku Sheffield. Iye anasiya sukulu ali ndi zaka 12, nayamba nchito yotsuka mabotolo m'cipinda coyesera zitsulo, naphunzira usiku. M'mwezi wa August 1913, pofuna citsulo cosadyeka msanga ca mipope ya mfuti, anasakaniza chromium wambiri ndi steel, napeza citsulo cosacita dzimbiri, ca mipeni ndi masupuni a m'nyumba zambiri lero. Panabuka mkangano pakati pa iye ndi eni kampani pa za umwini wa lusolo, ndipo m'caka ca 1915 anacoka pa nchito. Mendulo inamtsata m'caka ca 1920.

Mabungwe opereka mamendulo sangathetse milandu yotere, ndipo si nchito yao. Ndi nchito ya opanga malamulo, amene amayenda pang'onopang'ono koposa. Ku Britain lamulo la 1977 linanena kuti luso lopezedwa pa nchito imene munthu analembedwera nla bwana, koma linalola wanchitoyo kupempha gawo ngati bwana wapindula nalo kwakukulu. Anchito oyamba kupambana mlandu wotere m'khoti anapambana m'caka ca 2009, lamulolo litakhala m'mabuku zaka 32.