ZA UMOYO WATHU: Banga lokana mankhwala

M'midzi ya ku Tsangano ndi Macanga, banga likatuluka pakhungu anthu amangoti ndi chipere. Amagula kachubu ka mankhwala opaka pamsika wa m'malire. Kuyabwa kumaleka, banga n'kuzilala, koma mwezi usanathe labwereranso. Ena amatha zaka akungopakabe.

Chipere chenicheni chimatha m'milungu yochepa chikalandira mankhwala ake. Banga lokhalitsa miyezi lifunika kuti dokotala alione, pakuti pali matenda atatu oyamba mofanana nacho.

Oyamba ndi khate. Mu 2008 dziko la Mozambique linalengeza kuti khate lachepa kwambiri, koma silinatheretu. Banga lake limakhala lotuwa ndi ladzanzi. Namwino akalikhudza ndi thonje wodwala atatsinzina, iye samva kanthu. Mankhwala ake ndi aulere, akumwa miyezi 6 kapena 12.

Achiwiri ndi khansa ya Kaposi. Mawanga ake ndi akuda, otuluka m'miyendo ndi m'kamwa, ndipo mwini wake ayenera kuyezetsa HIV.

Achitatu ndi osowa, koma ndi omwe amavuta kuwazindikira: khansa yotchedwa mycosis fungoides, yochokera m'tizigawo ta magazi toteteza thupi. Mawanga ake ndi ouma, otuwa kapena ofiirira, ndipo amakonda m'matako, m'ntchafu ndi kwina kosafika dzuwa. Sachita dzanzi. Nthendayi siipatsirana ndipo imakula pang'onopang'ono. Oipeza idakali pa mawanga amakhala zaka zambiri akulima minda yawo.

Maso okha sangaitsimikize. Dokotala amadula kachidutswa ka khungu konga njere ya mapira, atabaya jekeseni wophera ululu, n'kukatumiza kokapima. Nthawi zina kupima koyamba sikuonetsa kanthu, tsono amadulanso pakapita miyezi. Wodwala asataye mtima n'kuganiza kuti am'lodza.

Mankhwala ambiri opaka a pamsika, pamodzi ndi mafuta oyeretsa khungu, amaphimba nthendayi mpaka opima kulephera kuiona. Choncho wopita kuchipatala atenge machubu onse omwe wakhala akupaka, ndipo anene chaka chomwe banga linayamba.

Poyambira ndi pachipatala chapafupi, monga cha ku Furancungo kapena cha paboma la Tsangano. Zikavuta iwo ndiwo amalemba kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete. Khadi lakale alisunge bwino, ngakhale analilembetsa ku Malawi.

Banga likakhala pobisika, wodwala alimbe mtima n'kulionetsa ndithu. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.