Mlandu wa Manoma pa Chiromo

Palibe bwalo lozenga milandu mofulumira ngati bwalo la anthu ochemerera mpira. Pa Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo umathira madzi ake mu Shire, bwaloli limakhala pansi pa mtengo, pakhonde la golosale, ngakhale padooko podikira bwato, ndipo silifuna mboni kapena kalaliki. Wailesi ikangolengeza kuti woyimbira waliza wezulo yomaliza, oweruza amakhala atagamula kale, ena m'Chisena, ena m'Chimang'anja. Kuyambira mu 2018 kufikira mu 2024, amene anazengedwa kawiri-kawiri m'bwalo limeneli ndi timu ya Mighty Wanderers ya ku Blantyre, ndipo oizengawo sanali adani ake ayi, koma ana ake omwe, a Nyerere.

Chifukwa chake nchosabisika. Timuyi, imene inayamba mu 1962, inatenga ligi mu 2006, nidikira zaka 11 kuti idzatengenso mu 2017, mphunzitsi wake ali Yasin Osman. Ochemerera anayesa kuti njala yatha. Koma chaka chotsatira ligi inapita kwa Nyasa Big Bullets, ndipo inakhala komweko kasanu motsatizana mpaka 2023; mu 2024 inapita ku Lilongwe kwa Silver Strikers. Kunena zoona, Wanderers sinali timu ya kumchira pa zaka zimenezi, ndipo chikho cha Airtel Top 8 cha 2022 chinapukutako misozi. Koma munthu wa Noma sayesa timu yake ndi matimu khumi ndi asanu. Amaiyesa ndi timu imodzi yokha, ya malaya ofiira, ndipo kukhala pambuyo pa Maule zaka zisanu ndi usiwa ndithu kwa iye, makamaka pamene mnansi wake wa Maule amakhala khomo loyandikana naye.

Milandu imene inkamveka inali itatu, ndipo ndi yomweyo imene imamveka kuli konse kumene timu yokondedwa ikuvutika: kuti mphunzitsi sadziwa kusankha anyamata oyamba masewero, kuti akulu-akulu akugulitsa osewera abwino, ndi kuti timu ikuyendetsedwa molakwika. Chodabwitsa nchakuti ochemerera amafuula kwambiri pa mlandu umene akudziwapo zochepa, nanong'oneza pa mlandu umene ali ndi ufulu wonse wofunsapo.

Mlandu woyamba ndiwo wa phokoso. Komatu munthu wa pa Chiromo amaona mpira ndi maso a wina. Kuti akafike pa bwalo la Kamuzu ayenera kuwoloka Shire nakwera galimoto pa Bangula, kapena kupirira msewu wa kutsidya la kum'mawa wotulukira pa Thabwa, ulendo wa makilomita oposa 100 umene ndalama yake ingagule chimanga cha masiku ambiri. Motero amadalira wolengeza mpira pa wailesi. Tsono wolengezayo, ngakhale akhale katswiri wotani, amatchula dzina la amene ali ndi mpira kumapazi. Mnyamata wa pakati amene ntchito yake ndi kutseka njira, kuti mpira usafike konse kwa womwetsa zigoli wa adani, akhoza kusewera bwino koposa onse dzina lake osamveka ndi kamodzi komwe. Womvera amati ameneyo anangopita kukayenda m'bwalo, ndipo mphunzitsi womuikayo ngwokondera. Sadziwanso amene wadzuka ndi bondo lotupa Lachinayi, kapena amene sanabwere kokonzekera sabata yonse chifukwa cha maliro kwao. Kukangana za mndandanda wa osewera nkokoma, ndipo popanda mkangano umenewu mpira ukanakhala ndiwo zopanda mchere. Koma ndi macheza, ndipo uyenera kukhala macheza.

Choipa chimadza pamene machezawo asanduka chigamulo chakuti mphunzitsi achoke, akulu-akulu a timu namvera. Mark Harrison wa ku England anachoka ku Wanderers kumapeto kwa 2023, ndipo Nsanzurwimo Ramadhan wa ku Burundi, amene anabwera mu 2024, sanathe ngakhale chaka. Pa nthawi yonseyi Bullets inali ndi mphunzitsi mmodzi, Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe, kuyambira kumapeto kwa 2018 mpaka 2024, munthu amene anali atatenga kale ligi ya kwao kanayi motsatizana ndi timu ya Dynamos. Wina adzati Pasuwa anakhalitsa chifukwa ankapambana. Nzoona. Koma mlimi wa thonje wa ku Makhanga adziwa kuti mbeu yozulidwa mwezi ndi mwezi pofuna kuona ngati yagwira mizu siigwira konse. Mphunzitsi watsopano ali yense amadza ndi kaseweredwe kake, nafuna anyamata ake, ndipo timu imawononga ndalama kugula osewera amene wolowa m'malo mwake sadzawafuna.

Mlandu wachiwiri uli ndi choonadi, koma ochemerera amaugwira kumchira. Wosewera wabwino akapita kunja iwo amati timu yagulitsa mbeu nthawi ya dzinja. Komabe moyo wa wosewera mpira ndi waufupi. Pofika zaka 35 ambiri amakhala atapachika nsapato, ndipo malipiro a m'ligi ya kuno sangamange nyumba yoti munthu akalambiremo. Joseph Kamwendo akanakhala kuti anamangiriridwa pa Lali Lubani, sakanasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'dziko la Zimbabwe mu 2005 ali ku CAPS United, ndipo sakanavala malaya a Orlando Pirates kapena a TP Mazembe. Francisco Madinga atapita ku Dila Gori m'dziko la Georgia anachita chimene mnyamata ali yense wanzeru akanachita. Anthu a m'chigwa cha Shire sayenera kuphunzitsidwa zimenezi, pakuti ndi mabanja angati kumeneko amene alibe mwana wosamukira ku Blantyre, ku Beira kapena ku Johannesburg pofuna ntchito? Palibe amatcha mwana wotero wachiwembu.

Ndiponso kugulitsa osewera sindiko kumene kumagwetsa timu. Bullets nayo inagulitsa: Gabadinho Mhango anapita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, Peter Banda anapita ku Simba ya ku Tanzania mu 2021, ndi enanso. Koma inapitiriza kupambana, chifukwa inali ndi timu yachiwiri ya achinyamata, yoleredwa ndi kusamalidwa, imene inkatulutsa wolowa m'malo wa ali yense wochoka. Funso loyenera tsono si lakuti "Mwamugulitsiranji?" koma lakuti "Mwamugulitsa ndalama zingati, ndalamazo zagwira ntchito yanji, ndipo m'nkhokwe mwatsala yani?" Funso limeneli silimveka kawiri-kawiri padooko la Chiromo, chifukwa limalowa m'mlandu wachitatu, umene anthu amauopa.

Mbiri ya kayendetsedwe ka Wanderers yalembedwa m'maina ake. Achikulire amakumbukira Yamaha Wanderers. Ena anakulira Limbe Leaf Wanderers. Ena Telecom ndi MTL Wanderers. Achinyamata adziwa Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Dzina liri lonse ndi la kampani imene inkalipira osewera pa nthawiyo, ndipo kusintha kuli konse kwa dzina kumatanthauza kuti panali tsiku limene wolipirayo anatsanzika. Mu 2021 kampani ya ku Japan yogulitsa magalimoto ya Be Forward inasiya kuthandiza timuyi, ndipo timu ya ochemerera miyanda-miyanda m'zigawo zonse zitatu inapezeka ikusowa cholipira anyamata ake. Mnyamata amene mwini nyumba akumugogodera pakhomo sangathamange bwino mphindi 90, ngakhale mphunzitsi amuike pamalo oyenera.

Anthu a pa Chiromo amazindikira nkhani yotere kuposa anthu a m'tauni. Kwa zaka zambiri njanji ndi msewu zochokera ku Bangula zinkadutsa pa mtunda umodzi wokha womangidwa pamwamba pa dambo, kulunjika pa mlatho wa Shire. Madzi atakokolola malo a Mtayamoyo mu 1997, mlatho unatsala chiimire koma wopanda ntchito, ndipo malonda a tsidya lonse anakhala pa mabwato. Munthu akachedwa kufika kuchipatala kapena kumsika angathe kukalipira wopalasa bwato, pakuti ndiye ali pafupi. Koma mtima wake umadziwa kuti vuto linayamba pamene dera lonse linadalira njira imodzi. Mphunzitsi wa timu ndiye wopalasa bwato uja. Amatukwanidwa chifukwa amaoneka.

Pamene a Thomson Mpinganjira anatenga utsogoleri wa timuyi mu 2021, naisandutsa kampani, anaipulumutsa, ndipo a Nyerere ayenera kuthokoza popanda kaduka. Koma kuthokoza sikuletsa kufunsa. Maule omwe ali ndi phunziro lowawa pa nkhani imeneyi. Mu 2004, timu yao ikutchedwa Bakili Bullets ndipo ikuthandizidwa ndi a Bakili Muluzi, inagonjetsa Orlando Pirates nifika m'ndime ya magulu ya mpikisano wa akatswiri a mu Africa, Kinnah Phiri ali mphunzitsi. Thandizolo litatha, timu yomweyo inayamba kuyenda ndi mbale yopemphera, ndipo inadzakhazikikanso pamene kampani ya Nyasa Manufacturing inaitenga patapita zaka zoposa khumi. Mtima wabwino wa munthu mmodzi ndi mtengo wa mthunzi wokoma, koma timu iyenera kudziwa kuti pa ndalama zonse zimene imawononga pa chaka, ndi zingati zimene imadzipezera yokha pa zipata, pa malonda a malaya, pa zopereka za mamembala ndi pa kugulitsa osewera.

Ochemerera amakhala chete pa zimenezi poganiza kuti wopempha sakulitsa chitete: amene sapereka kanthu asafunse za ndalama za eni. Ndipo mkwiyo wosowa njira yake umatulukira pena. Mu September 2023, pa bwalo la Bingu ku Lilongwe, masewero a Airtel Top 8 a pakati pa Silver Strikers ndi Wanderers sanathe chifukwa cha mkangano wa chigoli cha kumapeto. Mipando inathyoledwa, ndipo bungwe la FAM linalipitsa Wanderers mamiliyoni a kwacha. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ndalama zimenezo zikanalipira anyamata, kapena kulera timu ya achinyamata imene ochemerera omwewo amaisirira kwa anzao.

Koma kodi nzoona kuti wochemerera wa pa Chiromo sapereka kanthu? Kampani siika dzina lake pa chifuwa cha wosewera chifukwa chokonda mpira chabe. Imagula makutu ndi maso a anthu, ndipo makutu a msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh ali m'gulu la zogulidwazo. Mukuru ndi kampani yotumiza ndalama, ndipo mayi wa ku Muona wolandira ndalama za mwana wake wa ku Joni ndiye munthu weni-weni amene dzinalo linkafuna kumufikira. Popanda khamu limeneli palibe kampani ingayang'ane timu kawiri. Tsono khamulo liri ndi ufulu wofunsa, kudzera m'makomiti a ochemerera a m'madera, kuti lione chuma cha timu monga momwe owerengera ndalama achilembera. Sichinthu chachilendo, malamulo a CAF ndi FAM opatsira matimu ziphaso amafuna kale kuti timu iri yonse ya m'ligi yaikulu ionetse mabuku otere. Chotsala nchakuti mabukuwo aziwerengedwa poyera, m'chilankhulo chimene membala wa kumudzi angamve.

Pali chinanso chimene anthu a m'chigwa angachite pafupi ndi kwao. Chigwachi chinali ndi timu yake m'ligi yaikulu, Sucoma ya pa Nchalo, imene inasintha dzina kukhala Illovo monga momwe kampani ya shuga inasinthira. Ndipo Nchalo United inakwera nisewera m'ligiyo mu 2018 pa bwalo la Kalulu, koma inatsika chaka chomwecho. Anyamata aluso sanathe m'midzi ya Nsanje ndi Chikwawa. Amasewera opanda nsapato pa mabwalo a sukulu, dzuwa likuswa mtengo, mpaka wina wa m'tauni adzawaone nawatenga popanda kusiya ngakhale mpira umodzi. Chikhalirecho malamulo a FIFA amanena kuti wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita dziko lina, magawo asanu pa magawo 100 a mtengo wake agawidwe kwa matimu onse amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Ndalama imeneyi imafika kwa timu yokhayo imene inalembetsa mwanayo m'kaundula wa bungwe la mpira. Matimu ambiri a m'midzi salembetsa, ndipo amene angawakumbutse ndi aphunzitsi a zamasewero, mafumu ndi akulu omwe aja okhala pakhonde la golosale, odziwa pamtima maina a osewera 11 a timu ya ku Blantyre.