Chakudza sichiimba ng'oma

Akulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Mu June ndi July, mwera ukamawomba mpaka asodzi a ku Makawa ndi ku Malembo kukokera mabwato pamchenga, minda yathu kuno ku Mangochi imakhala zii. Mlimi amaona mapesi ouma n'kumati nkhondo ya tizilombo yatha. Nkhondoyo sinathe, adaniwo angobisala.

Thyolani phesi limodzi la chimanga kapena mapira, muling'ambe pakati. Mudzapezamo kapuchi, mbozi ija imaboola chimanga chikadali chachiwisi. Nthawi ino imakhala yotuwa, mawanga ake atazimirira. Chimanga chikayamba kuuma, thupi la mboziyi limamva kuti chakudya chikutha, ndipo limasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Imasiya kudya, imasiya kukula, kupuma kwake kumatsika kwambiri, ndipo imakhalira mafuta omwe idasunga nthawi ya dzinja, kuwagwiritsa ntchito pang'onopang'ono monga mayi wosamala nkhokwe m'chaka cha njala. Miyezi imapita ili m'phesimo. Chinyezi cha mvula yoyamba n'chomwe chimaidzutsa, n'kusanduka gulugufe woikira mazira pa chimanga chongomera kumene.

Kumayiko ozizira kwambiri tizilombo tina timapanga glycerol m'thupi kuti madzi a m'kati mwawo asaundane. Kwathu kuno kuzizira n'kochepa. Mayeso enieni ndi chilimwe chopanda tsamba lobiriwira, koma nzeru yake ndi imodzimodzi: kuchepetsa moto wa m'thupi mpaka zinthu zibwerere m'malo.

Alimi a thonje nkhaniyi ikuwakhudza koposa. Mbozi yofiira yoboola thonje imalowa m'dothi n'kugona momwemo, pamene ina yofiirira imabisala m'njere ndi m'zibalobalo zotsalira m'munda. N'chifukwa chake alangizi amati mukatha kutola thonje, zulani mitengo yake ndi kuitentha, kuti papite miyezi popanda thonje lililonse m'munda. Gulugufe wotuluka msanga amasowa poikira mazira, n'kufa. Koma munthu mmodzi akasiya thonje lake kuti liphukirenso, amadyetsa mbozi za mudzi wonse. Zimandiwawa kuona banja lomwe lidazula pa nthawi yake likugula mankhwala ochuluka chifukwa cha ulesi wa mnansi wawo.

Mapesi a chimanga musawatenthe ayi, nthaka yathu ikufuna manyowa. Aduleni n'kuwagoneka pansi kuti dzuwa la October liwatenthe, kapena muwadyetse ng'ombe, kapena muwaike pa mulu wa kompositi. Choipa n'kuwasiya chiimire, kapena kumangira mpanda pafupi ndi munda.

Pali mdani wina amene sagona n'komwe: ntchemberezandonda zachilendo zomwe zidafika mu Africa mu 2016, zimene zidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28 mu December 2017. Mbozi imeneyi siyitha kugona chilimwe chonse, imafuna chimanga chobiriwira chaka chonse. Imachipeza m'madimba a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe. Dimba ndi moyo wathu, sindikuti tilisiye, koma wolima m'dimba aziyendera chimanga chake sabata iliyonse, kusuzumira m'mitima yake ndi kuphwanya mazira asanaswe.

Mafumu athu, pamsonkhano wa mudzi, ikani tsiku loti aliyense akhale atazula thonje lake, ndipo mukayendere minda nokha kuti muone ngati zachitika.